Galimoto Yokoka ndi Magudumu Anayi: Ikauma Ndiponso Ikamapatuka

 Phunziro lathu la sayansi lero talitola pamsewu.

Inu a m'chigwa cha Luangwa mumazidziwa bwino galimoto zazitali zija, ma Land Rover ndi ma Land Cruiser, zimene zimanyamula alendo odzaona nyama ku South Luangwa National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1972. Galimoto zomwezo ndizo zimathamangira ndi odwala ku chipatala cha Kamoto pamene dzinja lafika ndipo dothi la makande lasanduka phala. Zimatha kudutsa m'matope chifukwa injini yake imatha kutembenuza magudumu onse anayi, pamene galimoto wamba imatembenuza awiri okha. Koma mphamvu yomweyi ili ndi vuto lake.

Tsiku lina tinali kuchokera koyendera sukulu, ndipo tinalimbana ndi matope mmawa wonse. Titakwera pamsewu wa phula wopita ku Chipata, dalaivala wathu anaiwala kuchotsa giya ya magudumu anayi. Poyamba sitinamve kanthu. Koma pamene anafuna kukhota kwambiri kuti tiime pa sitolo, chiwongolero chinalemera, matayala analira, ndipo galimoto inayamba kudumpha pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokana goli. Anagwira ndodo ya giya ija kuti aibweze, koma inakana kusuntha. Ine ndinaganiza kuti giyabokosi yafa. Iwo anangogwedeza mutu, nabwerera chambuyo molunjika mamita owerengeka, ndipo ndodo ija inamasuka yokha.

Kodi chinachitika n'chiyani? Yankho mungalipeze pabwalo la sukulu yanu. Aphunzitsi, bwerekani njinga, munyowetse matayala ake onse awiri, ndipo mwana mmodzi aikankhe mokhota pa nthaka youma. Mudzaona mizere iwiri. Gudumu lakutsogolo ladutsa kunja, lakumbuyo ladutsa mkati. Yezani mizereyo ndi chingwe, ndipo mudzapeza kuti wakutsogolo ndi wautali. Galimoto nayonso imachita chimodzimodzi: pokhota, magudumu anayi amayenda maulendo anayi osalingana.

Pakati pa gudumu lakumanja ndi lakumanzere pali chipangizo chimene amakaniko amachitcha difu. Ntchito yake ndi kulola gudumu lakunja kuthamanga kuposa lamkati. Koma pa galimoto zambiri za mtundu uwu, pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo palibe difu. Giya ija ikalowetsedwa, mbali ziwirizi zimamangidwa pamodzi ndipo zimakakamizidwa kuzungulira mofanana. M'matope ndi mumchenga palibe chovuta, popeza gudumu limodzi limaterereka pang'ono ndipo mkangano umatha. Pa phula louma tayala limagwira zolimba, motero zitsulo zamkati zimapotana ngati chingwe cha khonje chimene anthu awiri akuchipota. Zikapotana kwambiri, china chimathyoka: shafiti, kapena mano a giya. Kubwerera chambuyo kumamasula kupotana kuja.

Land Rover inayamba kupangidwa ku England mu 1948, ndipo pa zakale zambiri munali kachitsulo ka mutu wachikasu kolowetsera magudumu anayi, ndi ndodo ya mutu wofiira yolowetsera giya yamphamvu. Range Rover ya mu 1970 inabwera ndi difu yachitatu pakati, kotero kuti imayenda ndi magudumu anayi ngakhale pa phula. Komabe difu imeneyo imatha kutsekedwa polowa m'matope, ndipo woiwala kuitsegula amagwa m'vuto lomwe lija.

Tsono tengani mabuku anu a masamu, chifukwa pali chinthu china chobisika. Tiyerekeze kuti tayala latsopano ndi la masentimita 80 kuchokera mbali ina kufika ina podutsa pakati. Chulukitsani ndi 22, mugawe ndi 7: mudzapeza kuti likazungulira kamodzi limayenda masentimita 251. Tayala lakutha, limene ladyeka sentimita imodzi kuzungulira konse, latsala ndi masentimita 78, ndipo limayenda 245. Pa kilomita imodzi latsopano lizungulira maulendo 398, lakutha maulendo 408. Onani, kusiyana kwa maulendo 10 pa msewu wowongoka, wopanda khona! Munthu akaika matayala atsopano kutsogolo ndi akutha kumbuyo, nalowetsa giya ya magudumu anayi pa nthaka yolimba, zitsulo zija zimapotana ngakhale sakukhota. Ndikudziwa kuti matayala ndi odula, ndipo anthu amagula limodzi limodzi monga thumba lilolera. Koma shafiti yothyoka pakati pa tchire ndi yodula koposa.

Vuto lachiwiri ndi galimoto imene imapatukira mbali imodzi. Makaniko wanzeru sathamangira sipanala. Amayamba wafunsa kuti, kodi imapatuka nthawi iti? Ngati ndi poponda mabuleki pokha, mlandu ndi wa mabuleki. Ngati ndi nthawi zonse, ayang'ane mpweya m'matayala, popeza tayala lofewa limakokera galimoto kumbali yake. Ayandikizenso dzanja pa gudumu lililonse pambuyo pa ulendo: limene latentha kuposa anzake, mwina buleki yake ikugwira yokha. Akumbukirenso kuti msewu wa phula umamangidwa motsetserekera m'mbali kuti madzi a mvula achoke, ndipo popeza m'Zambia timayenda kumanzere, galimoto imatha kutsamira kumanzere pang'ono popanda chilema chilichonse.

Koma mverani chizindikiro ichi. Dalaivala akaponda mafuta, galimoto ikupatukira mbali imodzi. Akachotsa phazi, ikubwerera mbali inayo. Apa ambiri amalimbana ndi chiwongolero pachabe, pamene wolakwa ali kumbuyo. Ekiselo ya kumbuyo imamangidwa pa masipuling'i ndi mabawuti opindika ngati chilembo cha U, ndipo pakati pa sipuling'i pali bawuti imodzi yoigwira kuti isasunthe. Pa galimoto zina imagwiridwa ndi mikono yachitsulo yokhala ndi mphira kumapeto. Misewu yathu ya mabampu imamasula mabawuti ndi kudya mphira. Zikatero, mbali imodzi ya ekiselo imasunthira kutsogolo injini ikakankha, n'kubwerera ikaleka, ndipo magudumu akumbuyo amayamba kuwongolera galimoto okha. Amene munaonapo ngolo ya ng'ombe yoyenda chambali chifukwa cha ekiselo yokhota mwamvetsa kale. Kuyeza kwake n'kosavuta. Galimoto itaima pamalo osalala, magudumu atalunjika, amatenga chingwe n'kuyeza kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Amayang'ananso pa sipuling'i ngati pali malo onyezimira pamene chitsulo chakhala chikupekesana ndi chinzake. Vuto limeneli si lozengereza nalo, pakuti pa msewu wopapatiza, wodzala ndi njinga ndi ana ochokera ku sukulu, kupatuka kwa mita imodzi kungatenge moyo wa munthu.

Ana inu, chenjezo limodzi. Amakaniko ena amamasula kupotana kuja pokweza gudumu limodzi ndi jeke. Gudumulo likangochoka pansi limazungulira mwadzidzidzi ndi mphamvu yaikulu. Mukaona zimenezi imani patali, ndipo musalowe kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke.

Aphunzitsi, pambuyo pa phunziroli yesani za njinga zija panja. Kenaka ana ayeze ndi chingwe matayala awiri akale osiyana kadyekedwe, ndipo awerengere okha kuti lililonse lingazungulire kangati pa mamita 100.