Munthu Wosatheka Kukamba Naye



Mukamfunsa mnyamata chimene anasiyira mtsikana yemwe anamfunsira, amati mtsikanayo amaseka mokuwa, kapena sadziŵa kuvala. Nayenso mtsikana amati mnyamata uja ndi wamfupi, ndipo nsapato zake nzong'ambika. Zifukwazi sindizinyoza, pakuti mtima uli ndi zokonda zake. Koma nsapato zimagulidwa pa msika. Chilipo china chimene chiyenera kukubwezani m'mbuyo msanga, koma ambiri amachilekerera: munthu amene simungathe kukamba naye nkhani nkumvana.

M'buku loyamba la Samuele, mutu 25, timamva za Nabala, munthu wolemera wa ku Maoni. Anali ndi nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000. Mwamuna wotere akadzafunsira mbeta pamudzi pathu, ndi ankhoswe angati angamkane? Mkazi wake Abigaile anali wanzeru ndi wokongola. Tsiku lina Davide anatuma anyamata ake kukapempha chakudya, popeza anthu ake anali atatchinjiriza abusa a Nabala kuchipululu. Nabala anawabweza ndi chipongwe, ndipo Davide ananyamuka ndi anthu 400, malupanga ali m'chiuno. Tsono tamvani apa. Wantchito amene anaona tsoka likudza sanapite kwa mwini nyumba, anathamangira kwa mkazi, chifukwa ankadziŵa kuti bwana wakeyo sauzidwa kanthu. Abigaile anasenzetsa abulu mikate 200 ndi zakudya zina, nakakumana ndi Davide panjira, osamuuza mwamuna wake ngakhale liwu limodzi. Atabwerako anampeza ataledzera, ndipo anayembekeza mpaka kutacha. Banja lija linali ndi chuma chonse, koma pa tsiku la imfa ndi moyo mkazi analibe womuuza. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena pakumva izi ayesa kuti ndikunena za sukulu: kuti mtsikana wochokera ku sukulu ya ukachenjede asayang'ane mnyamata amene analekeza Sitandade 8. Iyayi. Nzoona kuti kusiyana maphunziro kumadza ndi mavuto ake, ndipo aŵiriwo achita bwino kukambirana zimenezi poyera asanaitane ankhoswe. Koma anzake a Nabala aliponso pakati pa ophunzira. Alipo mwamuna amene amakonza Chingerezi cha mkazi wake pamaso pa alendo. Alipo mkazi amene mwamuna wake akayamba kufotokoza za mbewu kumunda, iye amayang'ana kumbali nkuyasamula. Kulingana nzeru kumene tikunena ndiko kuti wina akayankhula, mnzake amafuna kumva mpaka kumapeto, ndipo akamva cholondola amalola kusintha maganizo ake.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 18, muli banja lina, Akwila ndi Prisila. Ntchito yawo inali yosoka mahema, ndipo Paulo Woyera anakhala nawo ku Korinto. Ku Efeso anamva Apolo, munthu wodziŵa kuyankhula ndi wozama pa Malembo, akulalika mosakwanira. Anamtengera pambali, onse aŵiri, namlongosolera bwino. Mwamuna ndi mkazi sangaphunzitse pamodzi munthu wotere ngati sanazoloŵere kukambirana zinthu zozama ali pa ntchito yawo.

M'chaka cha 2016, Papa Francis analemba kalata yonena za chikondi m'banja, yotchedwa Amoris Laetitia. M'menemo anakumbutsa kuti pofuna kukambirana mwaphindu munthu ayenera kukhala ndi chokamba, ndipo chokambacho chimachokera m'kuŵerenga, m'kusinkhasinkha, m'mapemphero ndi m'kutsata zimene zikuchitika pakati pa anthu. Apo ayi macheza a m'nyumba amasanduka otopetsa. Motero iwe mnyamata amene ukudandaula kuti bwenzi lako alibe nkhani, kodi iwe wamtengera nkhani yanji?

Nanga mungamzindikire bwanji munthu wotere, popeza pa chibwenzi aliyense amaonetsa mano oyera? Musaope kutsutsana naye kamodzi pa nkhani yeniyeni. Mfunseni: tidzakhala kwa yani, chikamwini kapena chitengwa? Ndalama adzasunga ndani? Mwana wa mlongo wanga akasoŵa fizi, tidzatani? Yankho lake lingasiyane ndi lanu, palibe kanthu. Inu penyani m'mene akuyankhira. Kodi akufunsa chifukwa chimene mwaganizira choncho, kapena akukudulani mawu, nkukwiya, nkukhala masiku atatu osakuyankhulani?

Inu akatekisti amene mumaphunzitsa okonzekera ukwati, mafunso ameneŵa muwafunse aŵiriwo ali pamodzi. Mukaona kuti mmodzi yekha ndiye akuyankha zonse, mumpemphe akhale chete pang'ono, ndipo mutembenukire kwa winayo.