M'bindikiro Umene Unafera M'mazira

Madzulo ano tikambirana za mkangano umene unabuka m'dziko muno m'zaka za 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 utafika. Funso linali lakuti: kodi anthu atsekeredwe m'nyumba kuti matenda asafale, kapena aloledwe kuyenda kuti apeze chakudya? Nanga zoletsa zimene zaikidwa kale zichotsedwe liti? Nkhaniyi tiiyang'ana titaima pa Ulongwe, m'boma la Balaka, pa mseu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, pakuti lamulo lolembedwa ku Lilongwe limayesedwa pa malo onga amenewo.

Tikumbutsane kaye m'mene zinayendera. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa, ndipo sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi, wodwala ndi mmodzi yemwe asanapezeke m'Malaŵi muno. Odwala atatu oyamba anadziŵika pa 2 Epulo. Pa 14 Epulo boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, ndipo amene anafotokoza malamulo ake ndi Nduna ya za Umoyo, a Jappie Mhango. Mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu anathamangira m'miseu, nati njala iwapha matenda asanawapeze. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo pa 17 Epulo Woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. M'bindikiro uja sunachitike.

Tsono taganizani, omvera, za anthu amene akanatsekeredwa pa Ulongwe. Pali mai wogulitsa nsomba za ku nyanja ya Malombe, zimene sizingadikire masiku 21. Pali mnyamata wa kabaza wonyamula anthu kupita kumidzi ya kwa Kalembo, ndi mlimi wa thonje amene mwezi wa Epulo amakhala akuŵerenga masiku kuti msika utsegulidwe. Kwa anthu otere ufa wa lero umagulidwa ndi ndalama ya lero. Alendo odzera pa Ulongwe popita kukaona nyama ku Mvuu, m'nkhalango ya Liwonde, anali atasiya kale kubwera chifukwa ndege zinaimitsidwa pa 1 Epulo. Boma litaona kuti zavuta linalonjeza K35,000 pa mwezi kwa mabanja ovutika, koma a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ulongwe si mzinda. Choncho pamene oweruza anagamula mu Seputembala 2020 kuti malamulo a m'bindikiro anasemphana ndi malamulo aakulu a dziko, nanenanso kuti boma lisatsekere anthu lisanakonze chimene osauka adzadya, ine ndiona kuti anagamula bwino.

Komatu madokotala nawo sanali kubwebweta. Iwo ankadziŵa kuti mpweya wothandiza odwala kupuma unali wochepa m'zipatala zathu. Munthu wobanika pa Ulongwe ayenera kumtengera ku Balaka kapena ku Liwonde, zikakanika kumeneko ulendo wa ku Zomba. Ankadziŵanso kuti dera lino lili ndi ana ake ambiri ku Joni, amene ntchito zitatha kumeneko anayamba kubwerera pa mabasi. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 ochokera ku South Africa anathaŵa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, kumene ankadikira zotsatira za kuyezedwa kwawo, nabalalika kumakwawo. Nthaŵi yomweyo andale a mbali zonse anali kusonkhanitsa namtindi wa anthu pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni. Munthu wamba akanamva za yani? Kusukulu kotseka, koma pa msonkhano wa chipani anthu ali thithithi.

Boma latsopano la Pulezidenti Lazarus Chakwera linabwera ndi malamulo ake mu Ogasiti: kuvala chotchinga pakamwa ndi mphuno, anthu osapitirira 10 pa msonkhano, 50 pa maliro. Atsogoleri a zipembedzo anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo posakhalitsa chiŵerengero cha opemphera chinakwezedwa kufika 100. Za maliro zija aliyense wokhala pamudzi akudziŵa m'mene zinathera. Ndani angaime pa siwa n'kumaŵerenga anthu, nabweza mlongo wa malemu chifukwa wafika wa nambala 51?

Chimene chimandiŵaŵa ine ndi sukulu. Mavenda anali ndi miseu yofuulirapo, a mipingo ndi a mizikiti anali ndi atsogoleri okalankhula ndi boma, koma mwana wa Sitandade 6 wa kwa Kalembo analibe pokanena. Zipata zinakhala zotseka miyezi isanu ndi theka. Olemba mayeso anabwerera pa 7 Seputembala, ena onse pa 12 Okutobala. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi, inde, koma wailesi imafuna mabatire, ndipo mtsikana wotumidwa kukagulitsa mandasi pa mseu sakhala pafupi nayo. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000. Ambiri a iwo matendaŵa sakanawagoneka ngakhale tsiku limodzi. Msika sunatsekedwe, mapemphero anamasulidwa patangopita masiku oŵerengeka, koma chimene chinatsekedwa poyambirira ndicho chinatsegulidwa mochedwa.

Zoletsa zitachepa, ambiri anayesa kuti mliri wadutsa. Walira mvula walira matope. Mu Januwale 2021 matenda anabweranso mwaukali, ndipo pa 12 Januwale nduna ziŵiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Pa 17 Januwale Pulezidenti analamula kuti sukulu zitsekedwenso, misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo pasapezeke woyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'maŵa. Ulendo uno otsutsa anali ochepa, pakuti maliro anali kumveka paliponse. Onani kuti ngakhale pamenepo boma silinayerekeze kutsekera anthu m'nyumba usana. Tsiku lotsegulira sukulu litafika pa 22 Febuluwale, aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo, ana nkukhalanso pakhomo kufikira mu Malichi, mwezi umene katemera woyamba anafika m'dziko muno.

Pamene anthu ankakangana chonchi, panali ndalama zokwana K6.2 biliyoni zimene boma linatulutsa kuti zilimbane ndi mliriwu. Ofufuza za chuma anapeza kuti gawo lina linasakazidwa, lina m'maalawansi, ndipo mu Epulo 2021 Nduna ya za Ntchito, a Ken Kandodo, inachotsedwa pa udindo. Ndalama zonsezo zikanagaŵidwa pa K35,000 banja lililonse, mabanja oposa 170,000 akanalandira ya mwezi wathunthu.