DAMBO LA M'MBALI MWA NYANJA KU SALIMA, NDI CIFUKWA CACE TIYENERA KULISUNGA

Mau olankhulidwa pa Msonkhano, olembedwa kuti agawidwe kwa Mafumu ndi ziwalo zonse.



 Mlandu umene tadza nao lero suli wa msonkho kapena wa sukulu, koma wa matope, bango ndi madzi oima, zinthu zimene mlendo aziyang'ana popita nati, "Pano mpacabe." Ife titi si pacabe ai, pakuti ndiwo za ana athu zibadwira pomwepo.

1. Malo ace ndi makhalidwe ace

Iwo amene anafika ku Beira, kapena ku Chinde kumene Zambezi atsira m'nyanja ya mcere, adziwa madambo a kumeneko, amene madzi a mcere awamiza kawiri pa tsiku ndi kuphwanso. Kwathu kuno nyanja iribe mcere, ndipo ikwera kamodzi kokha pa caka: iyamba ndi mvula ya dzinja, nifika pa msinkhu wace mu April kapena May, nitsikanso pang'ono pang'ono kufikira December. Mtunda umene madzi aumiza ndi kuusiyanso ndiwo dambo limene tinena.

Linthipe acokera ku mapiri a Dedza, nalandira Lilongwe panjira, natula matope ace m'nyanja popenyana ndi zilumba za Maleri. Kuseri kwa mapiri a Senga kuli dambo la Mpatsanjoka. Ku Lifuwu anthu alima mpunga m'cigwa ca madzi. Ndipo kuyambira ku Chipoka kufikira ku Domira Bay, pali ponse mtsinje ulowa m'nyanja pali mathithi ndi mathamanda.

Zomera za m'menemo ziima m'mizere monga anthu pa bwalo. Pa madzi akuya payandama kakombo. Potsatira pace pali gumbwa ndi bango. Kenaka mlulu ndi nsenjere. Ndipo pouma, pamene madzi safika kawirikawiri, paima migwalangwa ndi milambe.

2. Eni ace a dambo

Mvuu itandala m'madzi usana niturukira ku msipu usiku. Njira zace zitsegula mifuleni m'bango, ndipo ndowe zace zidyetsa tizirombo tating'ono timene nsomba zidya. Ng'ona iikira mazira mumcenga, ndipo ng'azi iwafukula niwadya. Cotero wopha ng'azi zonse acurukitsa ng'ona osadziwa. Mulinso katumbu, nchenzi ndi nsato.

Za mbalame nkosatheka kuzichula zonse. Nkhwazi, imene iri pa cizindikiro ca dziko lathu, ilira pa mitengo ya m'gombe. Pali kakowa, mphipi, tsekwe, cipweyo ndi nanchengwa womanga cisa cacikuru. Pali alendonso: anamzeze ena amene agona m'bango m'nyengo ya dzinja acokera ku Ulaya, nabwerera komweko pofika April kukaswa. Bango la kwa Maganga ndi kwa Kuluunda liri nyumba ya alendo a ulendo wautali wotere.

Koma cacikuru ndi nsomba. Nyanja yathu iri ndi mitundu ya nsomba yambiri koposa nyanja zina zonse za madzi opanda mcere pa dziko lapansi. Cambo cisunga mazira ndi ana m'kamwa mwace, ndipo ana akakula pang'ono ciwalavulira pa madzi osaya, pamene udzu ndi bango ziwabisa kwa adani. Mlamba ukwera ndi madzi oyamba kukaikira m'udzu womira. Mpasa ndi sanjika zisiya nyanja, nizikwera mitsinje monga Linthipe ndi Bua kukaikira pa nsangalabwi. Cifukwa cace titi dambo ndi mathiriro a mtsinje ndizo cikuta ca nyanja. Ndipo palibe mudzi umene utentha cikuta nuyembekeza kucuruka.

3. Nchito yace ina

Dambo liri ngati sefa. Madzi ofiira a mtsinje akalowa m'bango acepa liwiro, matope natsalira pomwepo, ndipo m'nyanja mufika madzi oyera. Bango likacoka, matope apitirira kufikira ku miyala ya Maleri, nakwirira ndere zimene mbuna zidya. Zilumba zimenezi, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, ziri m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984 monga cuma ca dziko lonse lapansi. Koma lamulo la pa pepala siliimitsa matope ocokera ku mtunda.

Dambo liri mpanda wa midzi. Akuru anati, madzi saiwala khwawa. Kuyambira 1915 kufikira 1935 nyanja inali yotsika kotero kuti Shire analeka kuturukamo, ndipo anthu analima pamene lero ngalawa ziyenda. Mu 1980 inakwera kufikira mamita 477 pamwamba pa nyanja ya mcere. Mu 2024 inakweranso, nimiza minda, nyumba za anthu ndi nyumba za alendo m'magombe a Salima ndi Mangochi. Pamene pali bango mafunde a mwera asweka asanafike pa mtunda. Pamene analisenga, gombe ligumuka.

Tisaiwalenso mphasa, mikeka, miono, udzu wofolera ndi msipu wa ng'ombe m'malimwe. Zonsezi amai ndi anyamata azitenga kopanda ndalama.

4. Cimene ciri kuonongeka

Pano tilankhule cosabisa. Nchila inali nsomba yodzaza makoka m'masiku a makolo athu. Lero ana ambiri aidziwa dzina lokha. Inatha cifukwa anthu anaichera pa mathiriro iri ndi mazira, ndiponso matope anakwirira malo ace oikira. Mu 2018 akatswiri a IUCN analemba mitundu ya cambo pakati pa zamoyo zimene ziri pafupi kutheratu.

Zoononga tizidziwa tonse: moto wa m'bango m'cilimwe, makasu ofika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, biyo yotseka mtsinje wonse osasiya khomo, katupe wothiridwa m'thamanda, ukonde wa udzudzu, umene unaperekedwa kuti ucinjirize mwana ku malungo, wosanduka khoka lokokolola tiana ta cambo, ndi nkhwangwa za ootcha makala ku mtunda, zimene zisiya nthaka yamariseche.

5. Mau a otsutsa

Ena adzati, "Dambo ndilo kwao kwa udzudzu ndi likodzo, mvuu itha mpunga wathu, ndi ng'ona itigwirira ana. Kodi tisunge adani?" Mau awa ngolemera, ndipo sitiwapeputsa. Mabungwe a makolo athu anadandaula nalo Lamulo la Nyama la 1926 pa cifukwa comweci, kuti linasamala cirombo koposa mwini munda. Munthu wofedwa ndi ng'ona ayenera kumveka ku Boma msanga, ndipo cirombo cozolowera anthu ciyenera kucotsedwa ndi iwo a nchito imeneyo.

Koma taonani za likodzo. Kacirombo kace kakhala m'nkhono za m'madzi, ndipo kafika m'nkhonozo ndi mkodzo wa munthu wodwala. Ku Chembe ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitacepa ndi makoka, nkhono zinacuruka, ndi nthenda inakula. Potero mankhwala a likodzo ndiwo cimbudzi, cipatala, ndi kuleka nsomba zikule. Kutentha bango sikuciritsa munthu.

6. Citsanzo ciri pakhomo pathu

Sitifunika kupita kutali kukaphunzira. Pa cilumba ca Mbenji, kuyambira zaka za m'ma 1950, Mfumu Makanjira ndi nduna zace atseka usodzi m'December ndi kuutsegula mu April, naletsa mowa pa cilumbapo ndi makoka oononga. Nthawi yotsegula, utaka upezeka wambiri ndi waukuru, ndipo asodzi adza kucokera kutali. Lamulo la Nsomba la 1997 lipatsa mafumu ndi makomiti a m'magombe mphamvu yogwirizana ndi Boma pa kusunga nsomba. Maiko anapangana ku Ramsar mu 1971 kusamala madambo, ndipo Chilwa ndi Elephant Marsh zinalembedwa m'pangano limenelo. Cimene catheka pa cilumba cingathekenso pa dambo, pakuti mwini dziko ndi yemweyo.

7. Zopempha zathu

Tiika pamaso pa Msonkhano mau asanu awa, kuti muwayese ndi kuwabvomera ngati muwaona oyenera:

(a) Kuti Mfumu iri yonse ya m'gombe, pamodzi ndi nyakwawa zace, iyende malire a dambo lace ndi kuikamo zizindikiro, kuti pasagawidwe munda kapena malo omanga m'kati mwa bango.

(b) Kuti mathiriro a Linthipe ndi a mitsinje inzace atsekedwe kwa makoka ndi machera m'nyengo imene nsomba zikwera, ndipo biyo iri yonse isiye khomo pakati.

(c) Kuti wotentha bango, wothira katupe, ndi wosodza ndi ukonde wa udzudzu aweruzidwe pa bwalo la Mfumu, wolemera ndi wosauka cimodzimodzi.

(d) Kuti pa dooko liri lonse la asodzi pakumbidwe zimbudzi.

(e) Kuti Mlembi alembe kalata kwa Bwana D.C. ndi kwa a Nthambi ya Nsomba, ndiponso kwa Mafumu a ku Dedza, Lilongwe ndi Dowa, kuwadziwitsa kuti mtengo wogwa kwao ufika kwathu monga matope, ndi kuwapempha tikomane. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mafumu athu, dziko liri m'manja mwanu, ndipo anthu amva inu koposa kalata ya ku ofesi. Makolo anatisiyira dambo lamoyo, ngakhale analibe sukulu. Tipempha kuti mau awa awerengedwe m'midzi yonse ya m'gombe mvula isanagwe, ndi kuti pa Msonkhano ukudzawo Mfumu iri yonse itiuze cimene anthu ace anena.