Luso Lokha Silikwanira



Ambiri mukukumbukira kuti ndinkasewera kutsogolo mu timu ya sukulu, tikumenya mpira m'chisanu cha June m'munsi mwa phiri la Dedza. Mukukumbukiranso kuti ndinachotsedwa mu timuyo nditamenya mnzanga pabwalo. Nchifukwa chake nkhani ya Gabadinho Mhango imandikhudza.

Mnyamatayu anachoka ku Big Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic ku South Africa. Mu 2017, ali ku Bidvest Wits, analetsedwa kusewera masewero 6 chifukwa cholavulira mnzake malovu. Mkwiyo wa mphindi imodzi unamukhazika pansi nthawi yonseyo. Mwamwayi sanathere pomwepo. Mu 2020 anamaliza ligi ndi zigoli 16 ku Orlando Pirates, mofanana ndi Peter Shalulile. Mu January 2022 ku Cameroon anagoletsa chigoli chapatali chija pamene Flames inkasewera ndi Morocco, dziko lonse nkuimirira.

Iye anagwa nadzukanso. Ine nditagwa panalibe wamkulu wondikhazika pansi, ndipo mpira ndinausiyira pomwepo.

Choncho pempho langa ndi ili. Mipira ndi majezi tipitirize kugula, koma pateremu iliyonse awiri mwa ife azibwera kudzacheza ndi anyamata a timuyi za kudziletsa. Paja kuwongola mtengo mpoyamba. Dzina langa mulilembe loyamba.