MAGETSI A PAMUDZI AFUNA MMISIRI WA PAMUDZI

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, pa nthawi ya alimi, ndi Mlangizi wa za Ulimi wa m'boma la Kasungu.

  Madzulo ano sindikamba za mizere kapena za feteleza ai. Ndifuna tikambirane za magetsi a dzuwa, amene ambiri tingowatcha sola, ndiponso za munthu amene ayenera kuwasamala akafika pamudzi.

Kapena wina ali kufunsa kuti, "Kodi mlangizi wa ulimi wayamba liti za magetsi?" Zayambira pa nazale ya fodya. Inu nonse mudziwa ntchito ya mu September ndi October, pamene amai ndi ana alawirira ku dambo ndi makeni, kutunga madzi m'mawa, kutunganso madzulo, kuti mbande zingapse. Tsono dzuwa lomwelo limene liumitsa nazale likhoza kuyendetsa pampu yokoka madzi m'chitsime ndi kuwathira m'thanki. Likhoza kuthirira dimba la tomato ndi anyezi, kuunikira mwana wowerenga usiku, ndi kusunga mankhwala pozizira ku chipatala. Chotero nkhani iyi ndi ya alimi ndithu.

Ambiri a ife tiyembekeza mapolo a ESCOM. Boma liri kuwafikitsa m'malo a malonda pang'ono-pang'ono, ndipo tithokoza. Koma pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, nyumba 11 zokha ndizo zinali ndi magetsi otere, ndipo zochuluka za izo zinali za m'tauni. Ndiponso magetsi ambiri a dziko lino achokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo kuthima kwa magetsi kunavuta dziko lonse koposa chaka. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dzuwa la ku Kasungu liri pamphuno pathu.

Koma pali chinthu chimene chindimvetsa chisoni. Poyenda m'midzi ndaona magalasi a sola ambiri ali pa madenga a sukulu ndi pa zitsime, koma osagwira ntchito. Mukafunsa, anthu angoti, "Anafa kalekale, eni ake sanabwerenso." Mau awa akuti "eni ake" ndiwo matenda. Anthu a bungwe anabwera ndi galimoto, anakhoma, tinavina, tinadya mbuzi, anapita. Patapita miyezi nyali zathima, ndipo mudzi wonse ungoyang'ana kumsewu. Chikhalirecho, kawiri-kawiri chimene chaonongeka nchaching'ono. Mwina khoswe watafuna waya. Mwina fyuzi yapsa. Mwina fumbi la mu October lakuta galasi, ndipo palibe amene anauzidwa kuti azilipukuta ndi kansalu konyowa. Galasi la sola likhoza kukhala zaka 20 ndi kupitirira. Batire ndiye satero: wamba atha pa zaka zitatu kapena zisanu, ndipo ngati muumiriza kumukama usiku uli wonse mpaka atheretu, safika ndi pamenepo pomwe. Tsono galasi labwino-bwino lingokhala padenga ngati chokongoletsa, chifukwa cha batire amene sanamsungire ndalama.

Tisapite kutali kukafuna chitsanzo cha njira yina. Chiri konkuno kwa Wimbe, m'mudzi wa Masitala. Pa njala ija ya 2001 ndi 2002, imene ambiri a inu muikumbuka bwino, mnyamata wina dzina lake William Kamkwamba analeka sukulu ya sekondale ku Kachokolo chifukwa makolo ake, alimi a chimanga ndi fodya ngati ife tomwe, analibe ndalama za fizi. Mnyamatayo sanakhale chabe. Ankapita ku kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale, ndipo m'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyenda ndi mphepo. Chizungu sanali kuchidziwa kweni-kweni, koma zithunzi anaziona. Anatola zitsulo zotayidwa pa esiteti yakale ya fodya, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawaotcha ndi kuwaphwatalitsa, njinga yakufa ya atate ake ndi dayinamo ya njinga. Anamanga nsanja ya mitengo ya bulugama, ndipo mu 2002, ali ndi zaka 14, nyali inayaka m'nyumba mwao. Anthu amene ankamunena kuti wapenga anayamba kubwera kudzatchaja mafoni.

Nkhani yake inamveka kunja. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha m'dziko la Tanzania, mu 2008 panabadwa bungwe la Moving Windmills Project limene lathandiza pa za sukulu ndi za madzi kwa Wimbe, ndipo iye anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth ku America mu 2014. Koma ine chimene ndifuna muone si ulendo wa pandege. Makina ake aja anali a zitsulo zotola, osalimba ngati a ku sitolo, ndipo ankaonongeka ndithu. Koma akaonongeka, wokonza anali kugona m'nyumba ya pansi pa nsanja yomweyo. Ankakwera m'mawa, pofika madzulo nyali yayakanso. Makina ofooka okhala ndi mmisiri pafupi anaposa makina a mtengo wapatali amene mmisiri wake ali ku Lilongwe.

Ndiponso taonani kuti mnyamatayo sanachite yekha. Panali mabuku amene ena anaika pasukulu, panali anzake amene anamgulira zina zimene analibe, ndipo pambuyo pake panabwera a kunja ndi ndalama. Koma a kunjawo anapeza ntchito itayamba kale, anangoonjezera.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Tiri nayo kale pa mijigo. Mudzi umene uli ndi komiti ya mjigo yamoyo, thumba la ndalama, ndi anthu awiri atatu odziwa kusolola ndodo ndi kusintha malabala, umamwa madzi abwino chaka chonse. Mudzi woyandikana nawo, wa mjigo wofanana, wabwerera ku chitsime cha ku dambo. Magetsi a dzuwa afuna zomwezo.

Anansi athu a ku Mchinji anapita patsogolo pang'ono. M'mudzi wa Sitolo, kutali ndi mawaya a ESCOM, bungwe la Community Energy Malawi pamodzi ndi Boma ndi a UNDP linamanga malo a sola a makilowati 80, amene anayamba kugwira ntchito mu 2019. Kuchokera pamenepo mawaya apita m'nyumba, m'masitolo, ku sukulu ndi ku chigayo, ndipo munthu ali yense alipira magetsi amene agwiritsa. Ku Mulanje, pa mtsinje wa Lichenya kwa Bondo, a MEGA apanga magetsi ndi madzi otsika m'phiri ndi kugulitsa kwa anthu a m'midzi yozungulira. Ife phiri la madzi otere tiribe, dziko lathu ndi lathyathyathya, koma dzuwa ndiye losasowa. Pa malo onse awiriwa ntchito inagawidwa: mfumu ndi anthu ake anapereka malo ndi manja, Boma linapereka chilolezo, a ndalama anagula makina, ndipo anthu alipira kuti pakhale chokonzera. Palibe mmodzi mwa iwo akadatha yekha.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu, makolo anga. Ndine mwana kwa inu, koma mundilole. A bungwe kapena a kampani akafika pabwalo panu ndi nkhani ya sola, alandireni bwino, koma musafulumire kuomba m'manja. Afunseni pamaso pa anthu kuti, makina awa akakhomedwa adzakhala a yani? Chikaonongeka chinthu, chogulira china chipezeka kuti, pa Kasungu boma kapena kunja kwa dziko? Amene adzakhoma ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, limene liyang'anira za magetsi m'dziko muno? Ndipo funso loposa onse ndi ili: mwa ana athu ano, muphunzitsa angati, ndipo masiku angati? Akayankha kuti adzaonetsa munthu mmodzi pa tsiku lotsegulira, nenani kuti sizikwanira. Ophunzirawo ayenera kugwira nao ntchito kuyambira tsiku lokumba dzenje loyamba, kuti waya ali yense amdziwe kumene achokera ndi kumene apita. Mayankho onse alembedwe pa kalata ya chipangano, m'Chichewa, ndipo kalata imodzi ikhale kwa mfumu, yina kwa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, yina ku khonsolo. Malo amene mwapereka alembedwenso malire ake, kuti adzukulu angadzakangane.

Nanga otumizidwa kukaphunzira akhale ndani? Pano ndipo pagona nkhani. Chizolowezi chathu nchakuti mwai ukabwera tithamangira mphwathu, ngakhale mphwathuyo mtima wake uli kale ku Johannesburg. Aphunzira miyezi itatu, alandira kalata, mwezi wa mawa wakwera basi, ndipo mudzi wabwerera pamene unali. Sankhani munthu amene ali ndi munda ndi banja pamudzi pomwepo. Sankhani awiri kapena atatu, osati mmodzi, pakuti munthu adwala, apita ku maliro. Ndipo musaiwale amai. Ku Tilonia m'dziko la India kuli sukulu yotchedwa Barefoot College, imene itenga amai achikulire a m'midzi, ena osadziwa ndi kulemba komwe, ndi kuwaphunzitsa miyezi 6 kulumikiza ndi kukonza nyali za sola. Amai a ku Malawi kuno anapitako ndipo anabwera ali amisiri. Eni sukuluyo asankha amai dala, chifukwa adziwa kuti mai wa ana ndi adzukulu sathawa mudzi wake. Ine ndigwirizana nao kwathunthu.

Sikuti nonse mufunika kupita ku India. Kuno kwathu bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, liyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo kuyambira 2015 Boma latsegula makoleji a ntchito za manja m'maboma. Ku Mzuzu University aphunzitsa za mphamvu ya dzuwa ndi ya mphepo kwa amene anakhoza bwino Fomu 4. Mnyamata kapena mtsikana amene atha kumasula wailesi ndi kuibwezera, kapena amene akonza njinga pansi pa mtengo, ameneyo mbeu iri kale mwa iye. Mudzi ukhoza kumsonkhera ya ulendo monga tisonkhera za maliro, popangana kuti akabwera adzatumikira mudzi zaka zakuti. Ndipo akabwera muzimlipira. Mmisiri womthokoza pakamwa pokha atopa msanga.

Ndalama zake zichokera kuti? Ife a dziko la fodya tiri ndi vuto limene a malipiro a pamwezi salidziwa. Ndalama zathu zibwera kamodzi pachaka, pamene mabelo apita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Mu January ndi February ngakhale ya mchere isowa. Chotero komiti imene iti izitolera mwezi ndi mwezi idzangodana ndi anthu. Tolerani za chaka chonse mu May, June ndi July, thumba likali lolemera. Amene salima fodya apereke ndowa ya soya kapena ya mtedza, komiti igulitse. Ndalamazo zisagone m'nyumba ya munthu. Ziikidwe ku banki ndi masaini a anthu atatu, ndipo ziwerengedwe pabwalo kawiri pachaka. Mukadziwa kuti batire adzafa pa chaka chachinai, gawani mtengo wake panai ndi kusunga gawo limodzi chaka chiri chonse.

Kwa inu a makalabu amene mufuna pampu ya nazale ndi dimba, uphungu wanga ndi wakuti batire mumleke. Pampu ikoke madzi masana dzuwa liri kuwala ndi kuwathira m'thanki ya pansanja, ndipo inu muzithirira m'mawa ndi madzulo kuchokera m'thankimo. Thanki ndiye batire wanu, ndipo thanki safa zaka zinai. Galasi lipenye kumpoto, lopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka, kutali ndi mthunzi wa mtengo, pakuti mthunzi wa nthambi imodzi uchepetsa mphamvu koposa m'mene mungaganizire. Litchingeni ndi mpanda chifukwa cha mbuzi ndi akuba.

Ndisakunamizeni: sola wa pamudzi sadzaotcha fodya wa m'balani, ndipo nsima ya banja lonse sadzaphika. Pamenepo tidakali pa nkhuni, ndipo aliyense woyenda kufupi ndi Chimaliro aona m'mene mitengo yathera. Koma ngakhale pamenepo nkhani ndi ya amisiri. Balani ya roketi yomangidwa bwino idya pafupi-fupi theka la mendulo amene balani yakale idya, koma yomangidwa mongoyerekeza ingotaya utsi ndi kuononga fodya. Mbaula ya Chitetezo aumba ndi amai a m'magulu, ndi dothi la kwathu konkuno, koma ayamba aphunzira muyeso wake ndi kaotchedwe kake. Alangizi a ARET, amene ali ndi sukulu yao ku Mwimba kuno ku Kasungu, akhoza kuthandiza kalabu yanu pa za mabalani ndi zigafa za mitengo yamoyo.

Tsono chopempha changa nchakuti, msonkhano wa komiti ya chitukuko usanachitike mwezi uno, nyakwawa ili yonse iyende m'mudzi mwake ndi kulemba sola ali yense wa gulu amene alipo, wa pasukulu, wa patchalitchi, wa pachitsime, wamoyo ndi wakufa yemwe, ndi chaka chimene anakhomedwa. Pansi pake mulembe maina atatu a anthu amene mudzi wagwirizana kuti akaphunzire, mmodzi mwa iwo akhale mai. Pepalalo mupatse mlangizi wa dera lanu kuti alifikitse ku khonsolo. Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kafesedwe ka mbeu za msangu ndi keshya m'machubu. Tsalani bwino.