Matenda a Chithokomiro ndi Nchito ya Mlimi

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi

Masiku onse ndikabwera pano ndimakamba za mbeu, za manyowa ndi za mizere yotchinga madzi. Lero ndifuna tikambe za munthu wogwira khasuyo. Ena adzati, kodi mlangizi wa zaulimi wauyamba liti udokotala? Ine sindine dokotala ai, ndipo zimene nditi ndinene za mankhwala ndinazimva kwa anzathu a kuchipatala. Koma nchito yanga ndi yoyenda m'minda, ndipo kawirikawiri munda ndiwo umayamba kuulula kuti mwini wake sali bwino, abale ake asanazindikire.

M'dera limene ndimayendera muli mai wina, dzina lake sinditchula, amene munda wake ndinkatengerako alimi ena kuti akaone. Mizere yake inali yoongoka, ankabzala ndi mvula yoyamba, ndipo nthawi yopalira simukanapezamo udzu. Mai ameneyu anali ndi chotupa pakhosi kwa zaka zambiri. Chitakula mpaka kumbvutitsa pomeza, anapita kuchipatala chachikulu, namchita opaleshoni, nachotsa chithokomiro chonse. Anampatsa mibulu ya mankhwala kuti adzimwa tsiku ndi tsiku. Mibulu ija itatha, iye anaona kuti bala lapola, khosi laphwa, chipatala chiri kutali ndipo ulendo wake ufuna ndalama. Anangoti ndachira, nakhala pansi.

Dzinja lotsatira ndinafika pamunda pake mwezi wa January. Chimanga chinali chachikasu, chitamizidwa ndi udzu, mwini wake ali khale padzuwa atafunda nsalu ziwiri, anzake ali thukuta kamukamu. Nkhope inali yotupa, mau osasa, ndipo poyankha moni ankachedwa ngati munthu wodzuka kumene. Apongozi ake anandiuza poyera kuti, "Alangizi, mpongozi wanga walowa ulesi chibwerere kuchipatala kuja." Ndibvomere pano kuti inenso ndinaganiza chomwecho, ndipo ndinamdzudzula kuti waononga feteleza wangongole. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Tsono chithokomiro nchiyani? Anthu ambiri amatchula dzinali ponena chotupa cha pakhosi, koma munthu aliyense ali nacho chithokomiro. Ndi kachiwalo kakang'ono kokhala kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Nchito yake ndiyo kupanga timadzi totchedwa thyroxine, timene timayenda ndi magazi ndi kulamula liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, ngakhale kuganiza kumene. Timadzi timeneti tikachepa, zonse zimayenda pang'onopang'ono. Munthu amatopa asanagwire kanthu, amamva kuzizira ena akumva kutentha, amadzimbidwa, khungu limatuwa, tsitsi limathothoka, amanenepa chosadya zambiri, amaiwalaiwala, ndipo akazi ena amataya magazi ambiri pa nthawi yao ya mwezi. Tikachuluka, zonse zimathamanga. Munthu amaonda ngakhale adye chotani, mtima umagunda ngati ng'oma, manja amanjenjemera, tulo sitibwera, amapsa mtima msanga, ndipo ena maso amatong'oka. Wotereyu anthu amayamba kumnong'oneza kuti ali ndi chifuwa chachikulu kapena kachirombo, ena amati walodzedwa. Matenda onse awiriwa amagwira akazi kopambana amuna, ndipo inu mukudziwa amene amagwira khasu masiku ambiri pa chaka m'midzi mwathu muno.

Dziwaninso ichi: si chotupa chirichonse chimene chimafooketsa munthu, ndipo munthu akhoza kudwala kwambiri khosi lake liri losalala. Choona chake chimadziwika poyeza magazi basi.

Chimene ndabwerera lero makamaka si munthu amene sanapite kuchipatala, koma amene anapitako, nalandira mankhwala, koma osakwanira. Inu alimi mudzandimva msanga. Mukathira feteleza wokulitsa yekha, wobereketsa osathira, kapena mukagawa thumba limodzi pamunda wofuna matumba awiri, chimanga sichifa ai. Chimamera, chimaimirira, wodutsa pamseu amati mwalima. Koma nkhokwe siidzaza. Munthu womwa mankhwala a chithokomiro osakwanira ali chimodzimodzi. Sagona pamphasa kuti anthu abwere kudzamzonda. Amayenda, amapita kumaliro, amapita kutchalitchi kapena kumzikiti. Koma ndime imene ankamaliza dzuwa lisanafike pamutu tsopano imamtengera masiku awiri.

Ndipo ulimi sudikira munthu. Chimanga chifuna kupaliridwa m'masabata awiri kapena atatu oyamba chitamera. Mukachedwa, udzu wadya kale chakudya cha mbeu, ndipo ngakhale mudzapalire bwino pambuyo pake, zimene zatayika sizibwerera. Munthu wodwala malungo amagona masiku ochepa nadzuka, nathamangira kumunda. Wa chithokomiro amachedwa pa kusosa, nachedwa pa kuunga mizere, nachedwa pa kubzala, pa kupalira ndi pa kubandira, chaka chathunthu. Chakudya chikatha m'nyumba amapita kukafuna ganyu, koma ganyu amalipira potsata mizere imene wamaliza, ndipo mwini munda akamuona kawiri akupumira pakhasu samuitananso. Kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene wothyola amayesedwa ndi sikelo, kulemera kwa dengu ndiko kumanena. Wosoka fodya ndi wosankha masamba amene manja ake ali kunjenjemera amaswa masamba abwino. M'tauni namo ndi momwemo: kalaliki amayamba kulakwitsa mawerengero, mlonda amapezeka ali mtulo, mphunzitsi mau amamthera pakati pa phunziro. Kalata yomchotsa nchito siinena za chithokomiro. Imati ulesi, kapena kusasamala.

Nanga nchifukwa ninji munthu woti waonana ndi dokotala amakhalabe wosachira? Choyamba ndi chija cha mai uja, kuleka mankhwala. Mibulu imene amapereka kwa munthu wochepa timadzi, dzina lake levothyroxine, siichiza chithokomiro. Imangolowa m'malo mwa timadzi timene thupi laleka kupanga. Chotero amene anachotsedwa chithokomiro chonse ayenera kumwa moyo wake wonse, ndipo ambiri amene chao chinafooka chokha ali chimodzimodzi. Msampha wake ndi uwu: mankhwalawa amakhalitsa m'magazi, kotero kuti pakatha sabata theka lake likadali momwemo. Mukaleka lero, mawa simumva kanthu, sabata yamawa simumva kanthu, ndipo mumati anandinamiza. Kufooka kumabwera mokwawa patapita masabata ndi miyezi, ndipo pofika nthawi imeneyo simukumbukiranso kuti gwero lake ndi mibulu ija.

Chachiwiri ndi muyeso. Dokotala sangadziwe tsiku loyamba muyeso weniweni wokwanira thupi lanu. Amayamba ndi wina, ndipo pakapita masabata 6 kapena 8 ayenera kuyezanso magazi, kuyeza kumene amakutcha TSH, kuti aone ngati aonjeze kapena achepetse. Muyeso ukakhazikika, kuyeza kamodzi pa chaka kumakwanira kwa ambiri. Koma alipo anthu amene akhala zaka akungolandira muyeso woyamba uja pawindo la mankhwala, osayezedwanso, chifukwa sanauzidwe kapena chifukwa chipatala chao chaching'ono chiribe makina ake. Ngati muli wotere ndipo mukadali wofooka, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mukanene momveka. Musangoti, "Ndiri bwino pang'ono," monga timachitira mwaulemu. Nenani za nchito: "Kale ndinkapalira mizere yakutiyakuti pa tsiku, tsopano sindifika theka." Mau otere dokotala amawamva. Pemphani kuti akuyezeni, kapena akulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu. Mai amene watenga pakati ali kumwa mankhwalawa apite msanga, pakuti nthawi imeneyo muyeso umafunika kuonjezedwa, ndipo bongo wa mwana ali m'mimbayo umadalira timadzi ta mai wake. Koma musaonjeze nokha, kapena kugawana mibulu ndi mnzanu, chifukwa ikachuluka imaononga mtima ndi mafupa.

Chachitatu ndi kamwedwe, ndipo apa pali kanthu kokhudza ife a zaulimi. Mbulu umenewu ufuna m'mimba mopanda kanthu. Imwani m'mawa ndi madzi okha, mudikire theka la ola kapena ola lathunthu musanadye phala kapena kumwa tiyi. Mibulu yoonjezera magazi imene amapereka kusikelo, ndiponso mankhwala a kutentha pamtima, zimaugwira mbuluwu kuti usalowe m'thupi, chotero muzisiyanitse ndi maola 4. Soya nayenso amatero. Ife takhala tikukulimbikitsani kulima soya ndi kumthira m'phala, ndipo sindibweza mau amenewo, soya ndi chakudya chabwino. Kungoti musamwere mbulu wanu phala la soya. Sungani mibulu pouma ndi pozizira, osati patsindwi pamwamba pa moto kapena pawindo pofika dzuwa.

Amene chithokomiro chao chimathamanga amapatsidwa mankhwala ena, kawirikawiri carbimazole, amene amamwedwa chaka kapena chaka ndi theka. Nawonso akangoona kuti thupi labwerera amakonda kuleka, matenda nabweranso. Womwa mankhwala amenewa akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, aleke kumwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi.

Musaganize kuti munthu wa mibulu ya moyo wonse ndi munthu wotha. M'chaka cha 1891 dokotala wina wa ku England, George Murray, anathandiza mai wa zaka 46 amene anali atafookeratu, pomubaya timadzi tochokera m'chithokomiro cha nkhosa. Mai ameneyo anadzuka, nakhala moyo zaka zina 28. Izo zinali kale, mankhwala abwino a lero asanapangidwe, ndipo pasapezeke wina wokasaka makosi a nkhosa kumsika chifukwa cha nkhani imeneyi.

Tsopano mau pang'ono a kupewa. Kuti chithokomiro chipange timadzi take chifuna ayodini. Amafunika wochepa zedi, wosadzaza supuni yaing'ono pa moyo wonse wa munthu, koma afunika masiku onse. Ayodini ali wambiri m'nyanja yamchere, ndipo dziko lathu liri kutali nayo. M'madera a mapiri mvula inamkokolola m'nthaka kalekale, kotero mbeu zomera pamenepo zimakhala naye wochepa. Nchifukwa chake akuluakulu amakumbuka midzi imene akazi ambiri anali ndi makosi otupa. Ku Switzerland, dziko lamapiri lopanda nyanja yamchere ngati lathu, anayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo kuno Boma linakhazikitsa lamulo lotere m'zaka za m'ma 1990. Gulani mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, muusunge m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Chidulo mulibe ayodini, ndipo mchere wogulira ng'ombe ngwa ng'ombe. Sindikuti muchulukitse mchere m'ndiwo, pakuti umenewo umakweza magazi. Wochepa womwewo ukhale woyenera. Inu a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi kwina kumene kondowole ndiye nsima, viikani chinangwa chowawa masiku 3 kapena 4 mpaka chifewe, ndipo muchiyanike chiume bwino. Ululu wotsalira m'chinangwa chovuulidwa msanga umatsekereza ayodini kuti asalowe m'chithokomiro. Ndidziwa kuti m'miyezi ya njala mtima umafuna kuvuula tsiku lachiwiri, koma pirirani. Komabe mchere umangoteteza. Sungalowe m'malo mwa mibulu kwa munthu amene chithokomiro chake chinachotsedwa kapena chinafa.

Mai uja anathandizidwa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene atatsegula kabuku kake anaona kuti papita miyezi 9 chilandirire mankhwala. Mwamuna wake anagulitsa nkhuku ziwiri kuti apeze ya ulendo. Mphamvu sizinabwere tsiku limodzi. Panapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muyeso anausintha kawiri. Chaka chimenecho banja lija linagula chimanga kuyambira mwezi wa September, ndipo ngongole ya feteleza anaibweza ndi mbuzi. Chaka chino ndinatengeranso alimi kumunda kwake. Tsopano amapita kukatenga mibulu ikadalipo ya masabata awiri, ndipo ulendo woyezetsa magazi amauika mwezi wa August, atakolola, ndalama ikadali m'manja ndiponso khasu lisanayambe.

Inu akapitao, eni minda ndi mabwana a m'maofesi, mukaona wanchito amene kale anali wakhama wayamba kutsalira popanda chifukwa chooneka, mfunseni kaye za thupi lake musanalembe kalata. Mpatseni tsiku lopita kuchipatala, ndipo pa miyezi imene muyeso uli kukonzedwa mpatseni nchito yopepukirapo. Mukamchotsa mudzayamba kuphunzitsa mlendo nchito imene uyu anaidziwa kale. Inunso amuna ndi apongozi, tsegulani kabuku ka wodwala wanu usiku uno muone tsiku limene analandira mankhwala komaliza.

Sabata yamawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Tsalani bwino nonse.