CHITSULO NACHO CHIMATOPA

(Mau amene Wothandiza wa ku Ofesi ya Zofalitsa Nkhani analankhula pa msonkhano wa pa Sanga, m'boma la Nkhata Bay)

 Ndine mwana pamaso panu, ndipo Chitonga changa nchopunduka, chotero mundilole ndilankhule m'Chichewa.

Nkhani yanga ndi ya sitima ya pamtunda. Ndidziwa kuti ena ayamba kale kufunsa mumtima kuti, "Kodi ife njanji tiri nayo?" Zoona, njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, koma kuno ku Mpoto siinafike. Komabe sitima si mlendo kwa Atonga. Ndiyo inanyamula makolo ambiri popita ku Harare ndi ku Joni, ndipo Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ino m'1951, inagulidwa ndi kampani ya njanji. Koposa apo, chimene anthu a njanji anachiphunzira ndi misozi chingathe kukupulumutsani inu pa njinga, pa chigayo ndi pa boti.

Pansi pa bogi liri lonse pali magudumu awiri awiri, olumikizidwa ndi mtanda wa chitsulo wonenepa ngati nchafu ya munthu wamkuru. Amakanika amautcha ekiselo. Magudumuwo anakhomeredwa zolimba pa ekiselo, kotero kuti zonse zimazungulira pamodzi. Tsono kulemera kwa katundu kumapinda ekiseloyo pang'ono zedi, mwakuti maso sangaone. Mbali ya pamwamba imakokeka, ya pansi imapanikizika. Gudumu likatembenuka theka, mbali inakokeka ija ndiyo ipanikizika. Tengani waya mumpinde uku ndi uku kosaleka. Simunamdule ndi mpeni, koma aduka ndithu. Akatswiri amati chitsulocho chatopa.

Tiyeni tiwerengere. Gudumu lotalika masentimita 90 limazungulira ka 350 pa kilomita imodzi. Sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene zimadzera pa Nkaya ndi Liwonde kukaturukira pa Nayuchi, zimayenda makilomita 912 kuti zifike ku Nacala. Ndiye kuti pa ulendo wopita wokha ekiselo iri yonse yapindika koposa ka 300,000, ndipo mawa lake ibwerera.

Mng'alu umayambira pa kabala kakang'ono: pamene dzimbiri ladya, pamene mwala wa panjanji unagunda, kapena pa khosi pamene chitsulo chichepera. Umakula pang'ono pang'ono kwa miyezi kapena zaka, wopyapyala kuposa tsitsi, wobisika pansi pa girizi ndi pfumbi, kufikira tsiku limene chitsulo chotsalacho sichingathenso kusenza katundu. Pamenepo chimangoti thyo, osachenjeza munthu.

Izi zinachitika ku France pa 8 Meyi 1842. Sitima inachoka ku Versailles kunka ku Paris itadzaza anthu. Ekiselo ya injini yakutsogolo inathyoka, mabogi anaunjikana nagwira moto, ndipo popeza zitseko zinali zokhoma, anthu oposa 50 anafa. Pambuyo pake Mjeremani wina, August Wöhler, anatha zaka zambiri akuzunguza zitsulo pa makina mpaka zithyoke, napeza kuti chopha ekiselo si katundu wolemera wa tsiku limodzi, koma kupindika kobwerezabwereza. Musayese kuti bvutoli linatha kale. Pa 29 Juni 2009, ku Viareggio m'dziko la Italy, ekiselo ya bogi lonyamula gasi inathyoka, moto unalowa m'nyumba za pafupi ndi njanji, anthu 32 nataya moyo.

Nanga mng'alu wosaoneka munthu aupeza bwanji? Kale panali anthu oyenda m'mbali mwa sitima ndi nyundo, kugogoda magudumu ndi kumvetsera, monga amachitira mai pogula mphika pa msika. Wabwino umalira kuti ngwee, wong'aluka umalira mogonthera. Nzeru imeneyi njabwino, koma mng'alu ukamamveka ku nyundo ndiye kuti wakula kale.

Njira yoposa inaturukira ku Amereka itangotha nkhondo yoyamba. Munthu wina, William Hoke, anaona kuti ponola zitsulo zogwiridwa ndi maginito, timapfumbi ta chitsulo tinali kundandalikana pa malo ong'aluka. Ena awiri, Alfred de Forest ndi Foster Doane, anakonza bwino nzeruyi, ndipo m'1934 anakhazikitsa kampani ya Magnaflux yopanga makina ake.

Nchito yake imayenda motere. Amachotsa ekiselo pa bogi, naitsuka mpaka girizi, penti ndi dzimbiri zithe. Kenaka amaizinga ndi koyilo ya waya wonenepa, kapena kupititsa magetsi m'kati mwake, ndipo ekiselo yonse imasanduka maginito. Pa malo ochepa amagwiritsa maginito a m'manja a miyendo iwiri. Mphamvu ya maginito imayenda m'kati mwa chitsulo mwakachetechete, koma ikafika pa mng'alu imasowa podzera, nilumphira kunja. Tsono mmisiri amathira madzi kapena mafuta opepuka osakaniza ndi ufa wa chitsulo wosalala kuposa kondowole. Pa malo abwino ufawo umatsetsereka nugwa, koma pa mng'alu umakanirira. Inu asodzi mudziwa m'mene usipa umasonkhanira pa nyali usiku wopanda mwezi, ndi momwemo. Ufa wina anaupaka mankhwala owala, kotero kuti m'chipinda cha mdima, pansi pa nyali ya kuwala kotchedwa ultraviolet, mng'alu umaoneka ngati ulusi wobiriwira woyaka.

Apa mpamene pafunika mmisiri wosamala. Mng'alu wogona motsata njira ya mphamvuyo suoneka, chifukwa chake ayenera kuyesa kawiri, mopingasa ndi motsata utali wa ekiselo. Akatha, ayenera kuchotsamo umaginito wonse, pakuti ukatsala, tizitsulo tidzamatirira ndi kudya mabelingi. Makinawa amaona ming'alu ya pamwamba ndi ya pafupi ndi pamwamba yokha. Yobisika pansi pa gudumu imafuna makina ena otumiza mau m'chitsulo ndi kumvera kubwerera kwake. Ndiponso sagwira nchito pa aluminiyamu kapena mkuwa, popeza maginito sakoka zimenezi. Kunena kwanga ine, makina ngotsika mtengo poyerekeza ndi munthu wodziwa kuwerenga mzere umene waoneka, ndi wolimba mtima kukana ekiselo ngakhale akuru akufulumiza sitima.

Tsono tibwere kwathu. Foloko ya njinga ya kabaza, shafiti ya chigayo, ndi shafiti ya pulopela ya injini ya boti, zonsezi zimatopa monga ekiselo ya sitima. Mukadzaona chitsulo chothyoka, yang'anani pothyokapo. Mbali ina idzakhala yosalala ndi yakuda, ya mizere yonga ya pa chigoba cha nkhono. Umenewo ndiwo mng'alu wakale. Mbali yoyera ndi yokhakhala ndiyo yathyoka lero.

Makina a maginito pano tiribe, koma anthu a njanji asanawapeze anali ndi njira ina imene nonse mungaithe. Tsukani chitsulocho bwino, muchinyowetse ndi palafini wosakaniza ndi oilo pang'ono, chikhale kanthawi. Pukutani chiume, ndipo pakanipo choko chosungunula m'madzi ochepa. Chokocho chikauma, gogodani pang'ono ndi nyundo. Ngati pali mng'alu, mafuta adzaturukamo nalemba mzere wakuda pa choyerapo. Njirayi imagwira ndi pa aluminiyamu pomwe, ngakhale ming'alu yaing'onong'ono siyiona. Mzere ukaoneka pa foloko kapena pa shafiti, musangowotcherera pamwamba ndi kupaka penti, pakuti mng'alu umatsalira m'kati. Gulani china musanakweze munthu kapena kulowa pa nyanja nthawi ya mwera.

Ndabwera ndi foloko yakale ya njinga, choko ndi botolo la palafini. Mafumu akalola, amene afuna kuona ndi maso asendere kuno ku tebulo.